Dzina Limene Tiyanjane Anapatsa Galu

Mundikhululukire, owerenga, chifukwa lero ndikulemba za chinthu chondiposa msinkhu. Ine ndinaphunzira sukulu ya kumudzi, kumene buku limodzi tinkaweramira ana asanu, wina akuliwerenga chozondoka. Ku koleji sindinapiteko. Pa danga lino ndakhala ndikulemba zimene ndimazidziwa: fumbi la m'minibasi, ogula mtedza ndi masikelo awo, mzere wa pa chigayo. Lero ndikufuna kulemba za mabuku a ana, ndi za mlembi wina wa kutsidya kwa nyanja amene mpaka mwezi watha sindinkadziwa n'komwe kuti anakhalako. Aphunzitsi amene muwerenge izi, pamene ndaphonya mundikonze. Koma kukhala chete ndalephera, chifukwa nkhaniyi inatsala pang'ono kulanda ana a kwathu mabuku awo onse, ndipo amene anaiyambitsa ndine.

Kwathu ndi kufupi ndi Madzimoyo. Pa tchalitchi chathu chaching'ono pali kachipinda kosungiramo ng'oma za kwaya ndi makandulo. M'menemo muli kabati yachitsulo, ndipo m'kabatimo muli mabuku a ana amene tinapatsidwa zaka zapitazo. Anakhala chitsekere mpaka chaka chatha, pamene komiti ya tchalitchi inandipatsa kiyi. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana ana amabwera, timayala mphasa pakhonde, ine n'kumawawerengera. Mabuku ambiri ndi a Chingerezi. Ndimawerenga ndime imodzi, n'kuimasulira m'Chinyanja, n'kupita pa ina.

Nyengo ya Lenti itangoyamba tinatenga buku lina lachikuto chobiriwira. Dzina lake sinditchula, ngakhale la mlembi wake, kuopa kuti wina angapite kukalisaka m'makabati a kwina n'kulitsekera. Limanena za ana awiri amene atumizidwa kukakhala kwa azakhali awo, m'nyumba yakale ya pamwamba pa phiri. Nyumbayo ili ndi zipinda zambiri, koma chimodzi n'chokhoma, ndipo azakhaliwo salola munthu kuchiyandikira. Anawo amamva mapazi akuyenda kupita ku chipindacho. Mnzawo yekhayo ndi galu wokalamba, wotsimphina, amene ali ndi dzina lachilendo.

Pakati pa ana anga pali Tiyanjane, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Miyezi yonse yam'mbuyo ankakhala kumapeto kwa mphasa, mng'ono wake ali kumsana, maso ali kunjira. Kusukulu amati ndi wochedwa kumva. Ndikamupatsa buku ankalipereka kwa mnzake ngati ndi lotentha. Koma bukuli titafika nalo pa mutu wachitatu, ndinangoona mthunzi pa tsamba. Anali iye, waima kumbuyo kwanga, akutsatira mawu ndi chala. Loweruka lotsatira anati, "Anti, mzere uwu ndiyese ine." Anauwerenga mopunthwapunthwa, koma anaumaliza. Anzake sanaseke. Ine ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati ndapambana mayeso.

Tsono ine ndili ndi vuto limodzi. Ndimawerenga chilichonse, ngakhale timalemba ting'onoting'ono ta kumapeto kwa buku timene anthu anzeru amatidumpha. M'menemo mlembi wa bukulo anafotokoza kuti galu uja anam'patsa dzina la mlembi wina wakale, amene nkhani zake ankazikonda ali mwana. Sindinamvetse. Munthu angapatse bwanji galu dzina la munthu amene amam'konda?

Tsiku lina nditapita ku Chipata kukagula choko, ndinanyamula bukulo. Pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika pamakhala Mayi Mwale, mphunzitsi wopuma amene amagulitsa mabuku akale atawayala pa thumba. Ndinazungulira kawiri ndisanalimbe mtima. Kachitatu iwo anandiitana okha.

"Iwe mtsikana, ukugula kapena ukuyeza msewu?"

Ndinawaonetsa tsambalo. Anavala magalasi, nawerenga, naseka mpaka kutsokomola.

"Uyu ndiye mwini wake wa nkhani zoopsa," anatero. "Anamwalira kalekale, agogo a agogo ako asanabadwe. Ankalemba za manda, za nyumba zakale zong'aluka, za mabanja okhala ndi chinsinsi. Tili ku koleji tinkabisirana mabuku ake. Bweretsa kuno." Anatsegula apa ndi apo. "Ona. Dzina la nyumba ya paphiriyi walitenga m'nkhani ya yemweyo. Buku limene azakhaliwa akuwerenga pa chithunzi apa ndi lakenso. Mlembi wako akutsina khutu akuluakulu anzake. Mwana amangoseka galu wotsimphina. Wamkulu amene anawerengapo zakalezo amamwetulira kawiri."

"Nanga si kuba kumeneko, mayi?"

"Wakuba amalemba kumapeto kwa buku kuti ndaba kwa uje? Uku n'kupereka moni. Akunena kuti, ine ndinadutsa pakhomo pa munthu uyu, ndipo ndikum'kumbukira."

Ndinakwera minibasi mutu uli wodzaza. Ndinkalakalaka wina atandifunsa za bukulo kuti ndiyankhe bwino. Mukudziwa inu mmene amakhalira munthu amene waphunzira chinthu chimodzi chatsopano.

Wondifunsa anapezeka Lamulungu lomwelo, titatuluka m'tchalitchi. Anali anaPhiri, amayi ake a Tiyanjane. Amuna awo anamwalira chaka chatha, ndipo munda wa chimanga ndi wa thonje akulima okha ndi ana.

"Esinala, tabwera kuno mwanawe," anatero. "Kagalu kathu kaja Tiyanjane anakapatsa dzina la m'buku lanu. Ife lilime likukana. Anthu akundifunsa kuti ndikunena ndani. Kodi likutanthauza chiyani?"

Owerenga a m'tauni, muyenera kudziwa kuti kwathu galu satchedwa dzina lachabe. Mukamva munthu akuitana galu wake kuti Adzatopa kapena Ndawaona, dziwani kuti pali mnansi amene akuuzidwa mawu. Dzina la galu limalankhula, ndipo mudzi wonse umamva. Komanso dzina la munthu amene anatisiya sititola chisawawa. Limapita kwa khanda, akuluakulu atakhala pansi n'kugwirizana. Zonsezi ndimazidziwa kuyambira ndili mwana. Koma tsiku limenelo ndinkangoganiza zoyankha molondola, kuti anaPhiri aone kuti ana awo ali m'manja mwa munthu wosamala.

"Ndi dzina la munthu weniweni, mayi," ndinatero. "Anali mlembi wotchuka kwambiri."

"Ali kuti?"

"Anamwalira kalekale."

"Ankalemba za chiyani?"

"Za manda, mayi. Ndi nyumba zimene mumamveka mapazi."

AnaPhiri anamanganso chitenje chawo, pang'onopang'ono. Sanakweze mawu.

"Ndiye kuti masabata atatu onsewa, m'mawa ndi madzulo, mwana wanga wakhala akuima pakhomo panga n'kumaitana munthu wakufa? N'kumam'ponyera makombo? Pakhomo pomwe tinatulutsa maliro chaka chathachi?"

Pamenepo m'pamene ndinamva zimene ndinali nditanena. Ndinayesa kufotokoza za kupereka moni, monga anandiuzira Mayi Mwale, koma mawuwo m'kamwa mwanga anatuluka opanda mphamvu. Amayi ena anali atayandikira kale. Wina anati mwana wake nayenso wakhala akutchula dzina lomwelo posewera. Wina anafunsa kuti, ngati buku limodzi labisa dzina la wakufa, enawo abisa chiyani?

Lachiwiri kunabwera aTembo, wapampando wa komiti, amenenso ndi mphunzitsi wa kwaya yathu. Ndi munthu wofatsa. Anakhala pa mpando, nafunsa za moyo wa amayi anga, za mbuzi, za mvula, kenako anati, "Mwana wathu, sitikukuimba mlandu. Koma kiyi abwere kaye kuno. Tidzakumana ndi makolo Loweruka lakumapeto kwa Lenti. Ambiri akuti mabukuwo abwezedwe kumene anachokera."

Ndinapereka kiyi ndi manja awiri. Ndinathokozanso. Mpaka lero sindidziwa chimene ndinkathokoza.

Bukulo tinali titatsala nalo mitu iwiri. Patapita masiku ochepa ndinakumana ndi Tiyanjane pa mjigo. Anadikira kuti anthu achepe, nabwera pafupi.

"Anti, m'chipinda chokhoma chija muli chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze, koma iye anatseka makutu ndi manja onyowa.

"Ayi, musandiuze. Ndikufuna ndikawerenge ndekha."

Mwana amene mwezi wapitawo ankathawa buku. Ndinasenza ndowa yanga, ndipo panjira ndinatsimikiza mumtima kuti kabati ija itsegulidwa, ngakhale ndichite kugwada pakhomo lililonse.

Tsopano ndiloleni ndikufunseni, makolo anzanga a ana awa, ngakhale ine ndilibe wanga. Kodi tikuganiza kuti ana athu sadziwa manda? Amapita nafe kumaliro. Amatunga madzi a pamaliro, amamva kulira, amaona nyumba ikusanduka yachete. Tiyanjane anaona bambo ake akunyamulidwa. Mantha ali nawo kale, ndipo si buku limene linawapatsa. Kusiyana kwake n'kwakuti mantha a m'moyo alibe tsamba lomaliza. A m'buku ali nalo. Mwana amalowa m'nyumba yoopsa atagwira dzanja la mnzake, amayenda nayo chipinda ndi chipinda, kenako amatuluka ali wamoyo. Kodi chimenecho n'chinthu chomulanda?

Ndipo tili ndi chizolowezi china chimene ndachiona m'malo ambiri. Chinthu tikapanda kuchimvetsa, timachikhomera. Ndi masukulu angati ali ndi makatoni a mabuku osatsegula, chifukwa akuti ana angawang'ambe? Chiswe chokha ndicho chimawerenga. Timati tikusamala. Koma kabati yokhoma sinaphunzitsepo mwana aliyense kuwerenga.

Komabe musandimve molakwa. AnaPhiri sanalakwe. Ndakhala ndikuliganiza kwambiri limeneli. Kwawo kwa mlembi uja mwina galu amagona m'nyumba, ndipo kum'patsa dzina la munthu wokondedwa ndi ulemu. Kwathu si ulemu. Pakhomo ndi pawo, maliro anali awo. Wolakwa ndine, amene ndinadziwa za dzinalo koma osapita kwa makolo kukawafotokozera bwinobwino, tili chikhalire, asanamve pabwalo la tchalitchi anthu akumvetsera. Ndinanena zoona, koma ndinazinena ngati mwana woyankha mayeso.

Njira yotulukira ndinaipeza kumene sindinkayembekeza. Ine ndimaimba m'kwaya, mawu achiwiri. Tinkaphunzira nyimbo yatsopano ya Sabata Loyera imene aTembo anapeka okha. Pali malo ena pafupi ndi mapeto pamene nyimboyo imakwera, n'kuima pang'ono, n'kutsika katatu ngati munthu wotsika masitepe. Tikafika pamenepo amayi achikulire amaweramitsa mitu. Ndinali nditaziona kale m'nyimbo zina, koma sindinafunsepo. Tsiku limenelo ndinafunsa anaZulu, amene amaima pambali panga.

"Iwe sudziwa?" ananong'oneza. "Pamenepo ndi pa malemu aNjobvu, katekisiti wathu wakale. Ndi mmene ankatsitsira nyimbo kumanda. Ndiwo anaphunzitsa aTembo kuimba. Nyimbo iliyonse imene aTembo apeka, amaikamo kamalo kameneko. Inu ana mumangoimba. Ife timawaona aNjobvu ataima apo ndi ndodo yawo."

Ndinalephera kumaliza vesilo.

Zinanditengera masiku atatu kuti ndipite kwa aTembo. Kawiri ndinafika pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo n'kubwerera. Kachitatu ndinawapeza akukunga chikopa cha ng'oma pabwalo. Ndinagwada chapatali.

"Bambo, ndabwera ndi funso. Ngati ndi lamwano mundikhululukire."

"Iwe mwano ungauyambe lero? Funsa."

"Malo aja m'nyimbo, otsika katatu. Ndamva kuti ndi a malemu aNjobvu."

Anasiya kukoka chingwe. "Wakuuza ndani?"

"AnaZulu."

"AnaZulu pakamwa pawo palibe chitseko. Inde, ndi awo. Nanga bwanji?"

"Mumaikamo chifukwa chiyani, bambo? Ana sadziwa."

"Ana adzadziwa akadzakula. Wina adzafunsa, monga wafunsira iwe. Munthu amene anakuphunzitsa sungamusiye kuti angotha."

"Ndi zomwezo zimene mlembi wa buku lija anachita, bambo. Anaika mphunzitsi wake m'nkhani ya ana. Sakuitana mzimu. Akukumbukira."

ATembo anandiyang'ana. Kenako anati, "Wayankhula bwino. Koma ine sindinapatse galu dzina la aNjobvu."

Ndinati, "Zoona, bambo. Za galu wa kwa anaPhiri, iwo akunena zoona. Dzina lichotsedwe. Koma ndikupempha kuti buku lisapite nalo limodzi. Ndi mabuku enawo, amene sanalakwe kanthu."

"Unaliwerenga mpaka kumapeto?"

"Kawiri."

"M'chipindamo muli chiyani?"

Ndinawauza. Anamvetsera chingwe chili m'manja. Nditamaliza anapukusa mutu pang'ono, nayambanso kukoka chikopa.

"Loweruka uliwerenge pamaso pa makolo. Mitu yonse yotsalayo. Osadumpha, osakometsa. Akamva okha adzagamula okha. Ine sindikulonjeza kanthu."

Loweruka lapitali makolo anabwera ambiri kuposa amene amabwera ku msonkhano wa zomangamanga. Ena anabwera kudzaona buku la wakufa. Ana anakhala pamphasa, akuluakulu pamabenchi. AnaPhiri anakhala kumapeto, pafupi ndi khomo. ATembo anatsegula kabati okha, natulutsa bukulo, nandipatsa.

Ndinayamba ndi kupepesa. Ndinafotokoza za mlembi wakale uja, kuti anali ndani ndipo dzina lake linalowa bwanji m'buku la ana. Za nyimbo ya aNjobvu sindinatchule, chifukwa si yanga. Koma aTembo anaimirira okha n'kuinena, mwachidule, akuyang'ana pansi. Amayi achikulire anang'ung'udza movomereza. Bambo wina kumbuyo anati, "Chabwino, koma timve za chipindacho. Ena tasiya ng'ombe."

Ndinawerenga woyamba mwa mitu iwiri yotsala ija. Nditafika pa womaliza ndinaona Tiyanjane wasendera mpaka pa mapazi anga. Sindinakonzekere chimene ndinachita. Ndinayang'ana amayi ake, n'kunena kuti, "Mayi, ngati mulola, mutu uwu awerenge mwana wanu. Ine ndizimasulira."

AnaPhiri sanakane.

Tiyanjane anagwira bukulo. Anawerenga mochedwa, chala chili pa mzere, akuima pa mawu aatali mpaka nditamuthandiza. Pofika pa dzina la galu anaima, nayang'ana amayi ake, nati "galuyo" basi, n'kupitiriza. Panatenga nthawi yaitali. Palibe amene anachoka, ngakhale wa ng'ombe uja.

M'chipinda chokhomacho munalibe mzukwa. Munali bedi, nsapato, ndi jekete la mchimwene wa azakhali aja, amene anamwalira ali mnyamata. Azakhaliwo anakhoma chitseko tsiku la maliro chifukwa sakanatha kuziyang'ana. Mapazi amene ana ankamva anali a galu wotsimphina uja, amene ankapita kukagona pakhomo la mbuye wake. Pamapeto anawo ndi azakhali awo atsegula chipindacho, n'kutsegulanso mawindo.

Ndinamasulira chiganizo chomaliza. Kenako anaPhiri analankhula ali chikhalire, osayang'ana munthu.

"Njinga ya bambo ake ikadali kudenga. Sindinaitsitse." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Sindinkadziwa kuti mwanayu amawerenga chonchi. Kusukulu anandiuza kuti palibe chimene chimalowa." Anaimirira. "Buku libwerere m'kabati, ana aziwerenga. Koma galu wanga ndinam'sintha kale dzina."

"Mwam'tcha ndani, mayi?" anafunsa aTembo.

"Funsani."

Anthu anaseka, ndipo onse anatembenukira kwa ine. Ndinamva. Dzina la galu kwathu limalankhula, ndipo ili likulankhula ndi ine. Ndalilandira. Nthawi iliyonse ndikadutsa pakhomo pawo ndidzalimva, ndipo ndi bwino kutero.

ATembo anandibwezera kiyi pamaso pa onse, ndi lamulo limodzi: buku lililonse latsopano ndiyambe ndaliwerenga lonse, ndi timalemba take ting'onoting'ono tomwe, ndipo ndifotokozere makolo ana asanalimve. Ndinavomera ndi mtima wonse. Anthu akubalalika anandiitanira pambali.

"Mlembi wa zamandayo, mabuku ake alipo m'Chinyanja?"

"Sindinamvepo, bambo."

"Chabwino," anatero. Anayenda pang'ono, natembenuka. "Ukadzalipeza limodzi, ngakhale la Chingerezi, udzandiwerengere ine poyamba. Pa nkhani ya komiti."

Tsiku lina Tiyanjane adzakula. Mwina adzaima pakhonde la sitolo ku Chipata, n'kuona buku lakale pa thumba, dzina lija lili pachikuto. Adzalitola ngati munthu wokumana ndi m'bale amene ankangomumva. Ndi ntchito yake imeneyo ya mayina obisika m'mabuku a ana. Sabisidwa kuti apusitse makolo. Amaikidwa kuti mwana akadzafika patsogolo adzapeze kuti njirayo anaiyamba kale.

Ine ndagula kope. Ndayamba kulemba nkhani ya ana m'Chinyanja chathu, ya nyumba yosiyidwa ya m'mphepete mwa munda wa thonje. Mwina sidzakhala yabwino. Koma ndiimaliza, ndipo penapake m'katimo mudzakhala munthu wokalamba wa ndodo, woimba nyimbo yotsika katatu. Ndapita kale kukapempha chilolezo kwa aTembo ndi kwa ana a malemuwo. Ndafunsa.

Nanga inu, kabati ya kwanuko, kiyi wake ali ndi ndani, ndipo inatsegulidwa liti komaliza?

Yathu inatsegulidwa, ndipo nkhani ya dzina la galu inatheratu, Loweruka lapitali masana, kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamule kanjedza.